Diso la Pakhonde

Njinga yanga itabedwa mu Julaye,
Fresia anaimba foni kuchokera ku Antofagasta:
"Bambo, ndakutumizirani kamera. Ndi yotchipa, musadandaule.
Ilibe mawaya. Koma musakwere makwerero nokha."

Ndinakwera ndekha.

Kabokosi kake kanali kopepuka ngati mulibe kanthu,
malangizo olembedwa tizilembo tonga nyerere,
misomali inayi yopota. Umodzi unandipulumuka,
unagwera m'ngalande, mwina unatsetsereka Valparaíso yense
mpaka kudoko kumene ndinasenza matumba
zaka makumi atatu ndi ziwiri.

Khoma lathu ndi lamalata, dzimbiri linalawa kale.
Ndinaboola pamwamba pa chitseko, mkono ukunjenjemera,
mphepo ya kunyanja ikundikoka malaya ngati wangongole.
Batire ndinali nditalitchaja usiku wonse.
Foni inafuna mawu achinsinsi.
Ndinalemba Elba, dzina la malemu mkazi wanga.
Inakana, ati n'lalifupi.
Ndinawonjezera chaka chimene tinakwatirana. Inalola.

Intaneti inkafika pakhonde motsimphina,
ndiye kamakina kake ndinakachotsa kuchipinda
n'kukakhazika pawindo, pafupi ndi chitini cha shuga.

Kenaka kulira kunayamba.
Ti! Galu wopanda mwini akununkhiza sitepe.
Ti! Wogulitsa gasi, akuimba masilinda ndi kachitsulo.
Ti! Shati yanga yomwe, ikuvina pachingwe.
Usiku wina gulugufe anatera pagalasi
n'kudzaza foni yonse ngati chilombo,
ine ndili chiimire kuseri kwa chitseko,
ndodo m'manja, mtima uli thi thi thi.

Wakuba sanabwerenso.
Amadziwa nyumba imene anathana nayo.

Koma ndinaona nkhalamba ina
ikukwera masitepe athu ndi buledi m'khwapa,
ikupuma kawiri, ikugwira bondo,
ikulankhula yokha pofunafuna makiyi.
Kanemayo ndinamubweza katatu
ndisanavomere kuti dazi limenelo ndi langa.

Ndiye Lachinayi, sikisi koloko isanakwane,
kunja kuli mbuu, chithunzi chilibe mtundu,
ti!
Mayi Nélida a nyumba yobiriwira,
amene sitipatsana moni chiyambire mkangano wa mpanda,
jekete pamwamba pa zovala zogonera,
ketulo yakale m'manja.
Akuthirira maluwa a Elba,
ofiira aja, a m'zitini za penti,
amene kwa zaka zinayi ndakhala ndikuuza anthu
kuti amangomwa nkhungu ya kunyanja.
Athothola tsamba louma,
aliika m'thumba kuti lisawaulule.
Sanayang'ane m'mwamba.

Ndinabwerera m'mbuyo ndi chala.
Lolemba analipo. Loweruka analipo.
Kakhadi ka m'kamera kamasunga sabata imodzi yokha,
kamafufuta zakale kuti zatsopano zilowe.
Zaka zinayi zija palibe anazijambula.

Khofi wanga anazizira patebulo.
Mpanda tinakanganirana uja unagwa wokha
ndi mvula ya chaka chatha.

Lamulungu Fresia anafunsa, "Mwagwira ndani?"
Ndinati, "Galu ndi shati."
Anaseka. Anandikumbutsa kuti batire
ndizilitsitsa pakatha miyezi iwiri.

Madzulo ake ndinakweranso makwerero,
ndekhanso,
ndinamasula pang'ono khosi la kamera
n'kuipotoza kuti iziyang'ana geti ndi msewu,
zitini za maluwa zitsale kunja kwa diso lake.

Ketulo yawo ndinaiona kuti imadontha,
imasiya timadontho kuchokera pakhomo pawo kufika pathu.
Lolemba ndinatsika kumsika,
ndinagula keni yothirira ya pulasitiki,
yachikasu, yoposa mtengo umene ndinkayembekeza.
Ndinakwera nayo masitepe onse, ndinapuma katatu,
ndinaidzaza madzi
n'kuisiya pambali pa zitini, osalembapo kanthu.

M'mawa uno ndaipeza youma,
muli mandimu awiri m'katimo.

Foni sinalire.