Ntchentche ya Patsamba la Mphesa

Anatipatsa magolovesi oyera,
ine ndi Yelesani,
n'kutichenjeza kuti tisapumirepo.
Iye kumanja, ine kumanzere,
tinachikweza masitepe a hotela ku Longacres
ngati wodwala amene wangopeza tulo.

Akuti anachijambula anthu awiri,
zaka mazana anayi zapitazo, kudziko lozizira.
Wina ankadziwa nkhope zokha:
mayi uyu wa masaya ofiira,
kamnyamata kakumukoka chovala.
Atamaliza anasiya tebulo lopanda kanthu,
natumiza nsaluyo kwa mnzake,
mwini mphesa, vwende long'aluka,
ndimu yosendedwa theka,
khoko lake likulendewera mpaka lero.

Bwana atatembenuka ndinasuzumira pafupi,
kufunafuna msoko umene anakumanirapo.
Sindinaupeze.
Chala cha mayiyo chakhudza pichesi
ndipo sindikudziwa amene anaimitsa dzanja
kuti mnzake adutse.
Kaya ndalama anagawana bwanji.
Kaya ankapatsana moni.

Patsamba la mphesa pali ntchentche imodzi.
Yelesani anatsala pang'ono kuiingitsa.

Mkazi wanga Tisaine amagulitsa zipatso ku Soweto.
Folo koloko amakhala atapikula kale,
ine ndikumukankhira wilibala m'mbali mwa Lumumba.
Zake zimakhala masiku atatu.
Lachinayi mapeyala ada,
ndipo ntchentche zake zimauluka.
Kumeneko wogula amanyoza kaye katundu,
amadina mango ndi chala chachikulu,
amachoka kuti umuitane.

Kuno ogula akukweza okha mtengo.
Dzanja m'mwamba, lina m'mwamba,
mayi wa foni kukhutu akugwedezera mutu
munthu amene sanachionepo.
Palibe wadina,
palibe wanunkhiza.
Kanyundo kagunda. Anthu awomba m'manja
ngati wina wabereka.
Maziro ndinawerenga mpaka asanu, ndinasiya.

Tinachitsitsa, tinachikulunga,
iye kumanja, ine kumanzere.
Pakona anati, "Tsika pang'ono,"
ine ndinali nditatsika kale.
Magolovesi tinabweza pakhomo, anawawerenga.

Usiku ku Chibolya magetsi kulibe.
Tisaine watulutsa mango awiri otsala,
wadula mbali yowola, wataya kunja,
wandipatsira pampeni.
"Nanga zipatso za azungu zinali bwanji?"
Ndinafuna kumuuza za msoko uja,
koma pakamwa panali podzaza,
madzi akutsetsereka padzanja
mpaka m'chigongono.