Liwu la Khosi Lolefuka

Ku Spalding, kumene minda ya tulipi
imathera pomwe pathera maso,
Hazel Pettifer ali ndi liwu limodzi
lomwe walitafuna zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu
osalimva kukoma kapena kuwawa:
droop.

Lalifupi ngati dontho la pampopi wosatseka bwino.
Umaliyamba lilime lili m'mwamba,
pomaliza milomo yagwa yokha, yatsekeka.

Si kufota ayi, angakuuze akukutula ndowa m'galimoto,
kufota kuli ndi liwu lakelake.
Duwa lofota lapita, kalitaye kudzala.
Ili ndi duwa lamoyo ndithu,
kungoti khosi lalefuka,
mutu zyoli,
ngati mwana wogwidwa dzanja lili m'shuga.

Ndipo chinthucho chikhale chogwirira pomwe chinamera.
Kapu ikagwa pathebulo, imeneyo yagwa basi.
Koma mchira wa Bracken, galu wawo,
tsiku lomwe anaba soseji ya m'busa,
umenewo unachita droop.
Zikope za mdzukulu wake Imogen
pobwera ku Skegness, mchenga uli m'masokosi,
akukana kuti sakusinza, zinachita droop.
Mbendera ya patchalitchi mphepo ikapita kotheratu.
Mapewa a Alwyn, mwamuna wake,
chaka chija chisanu chinadya munda wonse usiku umodzi,
iye n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja
osalowa, osatuluka.

Mankhwala ake Hazel amawadziwa:
dula tsinde mopendeketsa,
kulunga maluwa mu nyuzipepala yadzulo, mothinitsa,
imika m'madzi ozizira, pamdima, ugone.
Kukacha uwapeza ali njo,
ngati si omwe aja.

Lachiwiri lina la Febuluwale, mvula ikuwaza pawindo,
tiyi anatayikira pamalaya a Alwyn.
Anafuna kuseka. Kuseka kunabwera theka.
Anafuna kunena kuti pepa,
liwu linatuluka lophwanyika ngati dzira.

Pafoni, mayi wa ambulansi anafunsa mosathamanga,
ngati wofunsa mtengo wa maluwa khumi:
Tayang'anani nkhope yawo.
Kodi mbali imodzi yachita droop?

Hazel anayang'ana.
Ndani m'tauni yonseyo akanayankha msanga kuposa iye?
Diso lamanzere, tsaya, ngodya ya mlomo,
zonse zili lende,
zogwirira pomwe zinamera.
Eya, anatero. Kumanzere.
Ndipo anadana nalo liwulo
chifukwa linakwana ndendende.

Masabata asanu ndi limodzi ku chipatala cha ku Boston.
Basi ya m'mawa, basi yamadzulo.
Pamsika anthu ankaloza ndowa:
awa agwetsa mitu, titsitsireni mtengo.
Iye ankatsitsa osakangana,
zomwe sanachitepo chibadwire.

Tsopano Alwyn amakhala pampando wapafupi ndi sitovu,
bulangete pamaondo, Bracken pamapazi.
Dzanja lamanzere limagona pomwe waliika.
Mtsikana wa kuchipatala amabwera Lachinayi
ndi kagalasi ndi mndandanda wa mawu:
tchulani pepala, tchulani mpira, tsekani milomo.
Mawu othera pa milomo ndiwo amamuthawa.

Usiku wa dzulo Hazel anali pasinki
akukulunga tulipi makumi anayi otsala pamsika,
onse makosi ali pansi.
Kumbuyo kwake kunamveka kulimbana,
mpweya, lilime, kenako theka la liwu:
droo...

Sanatembenuke.
Anadikira, lumo lili m'manja,
madzi akudontha pachigongono.

...p.

Milomo inakumana.
Mbali imodzi inafika mochedwa, koma inafika.

Adzuka mawa amenewa, anatero Hazel,
akuuza maluwa, kapena zenera,
n'kuthira madzi ozizira m'ndowa
mpaka kusefukira pansi
pomwe anali atangokolopa kumene.