Malo a Zala Zitatu

Ndinalowa m'gululi ndi singano, osati ndi kulimba mtima.
A Harawa anafika pa mashini anga ku Taifa
atanyamula nsalu yopyapyala ngati khoko la anyezi,
yong'ambika malo a zala zitatu.
"Mungasoke iyi, Nyamhone?"
Ndinati madiresi a ukwati ndasoka osawerengeka.
Iwo anati, "Diresi ikasosoka, anthu amaseka.
Iyi ikasosoka, amagula bokosi."
Ndinasoka mpaka nyali inatha mafuta.
M'mawa anasosola zonse. Ndinasokanso.

Malipiro anga anakhala Loweruka.
Kuseri kwa bwalo la ndege
tinkadumpha kuchokera pamwamba pa mgolo
kugwera pa utuchi wa matabwa a ku Chikangawa:
mapazi pamodzi, mawondo ofewa, gubuduka.
Ine, mayi wa ana atatu, utuchi tho m'tsitsi,
ana a ku Chiputula atakangamira waya, akufa nazo nseko.
Fiskani wa kabaza, Dokiso wa ku banki,
ndi mphunzitsi wina wosalankhula, wa fulasiki yaikulu,
tonse kufuula ngati ana a sitandade wani:
chikwi chimodzi, zikwi ziwiri, zikwi zitatu,
yang'ana kumwamba!

Kuno palibe amene amavala yekha.
Lamba wako amakoka ndi mnzako,
iwe n'kukoka wake, popanda manyazi, popanda ulemu.
Tsiku lina Chawanangwa anabwera akununkha za dzulo.
A Harawa sanakalipe. Anangomuvula chisoti
n'kumupatsa ketulo kuti aziphika tiyi.
Mafuta a ndege tinasonkha tonse, ake omwe,
koma palibe anamudandaulira.

Kenaka nkhungu.
Inu odziwa Mzuzu mukudziwa chimene ndikunena.
Loweruka katatu tinakhala pa benchi
tikupumira m'manja, tikuyang'ana sokosi ya mphepo
itanyowa, italendewera ngati chovala choiwalika pa chingwe.
"Kumwamba sikuthawa," a Harawa ankatero
akusisita bondo lawo lomwe linafulumirapo kale.

Lachinayi lake kunacha mbee.
Pakhomo pa ndege Fiskani anandigwira pachifuwa:
lamba ndinali nditamupisa mokhota.
Anakonza, sananene kanthu,
ine ndinameza malovu owawa.

Chitseko chitatseguka mphepo inandiwomba mbama.
Pansi apo mzinda wonse unali utayalidwa pa tebulo:
misewu ngati misoko ya wophunzira,
Katoto ngati batani lotayika,
Lunyangwa kachidutswa kotsala podula,
Kaning'ina bulangeti losapinda.
Nyumba yanga ku Zolozolo ndinaifuna. Sindinaipeze.

"Pita!"

Za chikwi chimodzi sindikumbuka.
Ndinadzipeza ndili pa zikwi zitatu, pakamwa pouma,
kenaka china chinandikoka m'mapewa
monga amayi ankandikokera ndikayandikira msewu.
Ndinayang'ana kumwamba.
Zingwe zinali zitapotana ngati ulusi wa m'bobini yoipa.
Mtima unati lira. Miyendo inakumbuka utuchi,
inakumbuka Fiskani akuti palasa, mayi, palasa,
ngati ukukwera chitunda cha ku Masasa ndi katundu.
Ndinapalasa mlengalenga.
Zinamasuka, chimodzi, chimodzi.

Ndiye kunati zii.
Sindinadziwe kuti pamwamba pa Mzuzu pali chete wotere,
mpaka kumva galu akuuwa ku Luwinga.
Pakona ya kumanzere, dzuwa likuwala kupyola nsalu,
ndinaona malo a zala zitatu aja,
ulusi wanga wofiira, mizere iwiri,
utandinyamula.

Ndinatera ndi matako, kutali ndi chizindikiro.
Chawanangwa ndiye anayamba kufika, kapu ili m'manja,
theka la tiyi litatayikira m'njira.

Lolemba mayi wina anabweza siketi,
akuti mpendero ndachedwa nawo, ndi mpendero chabe.
Ndinati khalani pansi, mayi.
Ndinautembenuza, ndinaukoka, ndinauyang'anitsa padzuwa,
phazi langa pa chopondera likunjenjemerabe pang'ono.