Miyoyo Itatu

Kuseri kwa depoti ya Ntcheu, pomwe lero akugulitsa mafoni,
panali kanyumba ka a Gelesomu, ka malata adzimbiri,
TV yaing'ono itakhala pa kireti ya mowa,
batire la lole pansi pake likuchita thovu loyera.
Tinkalowa ndi makobiri onunkha kachewere,
malipiro osenzera amayi a ku Tsangano matumba.

Gemu ikakana, unkazula katiriji,
kuuzira ngati ukukoleza mbaula,
kupukuta pamalaya, kubwezera, kupemphera.
Kamunthu kake kanali ka timabokosi,
mutu wa ngodya zinayi, miyendo yopanda mawondo,
koma kakagwera m'dzenje tonse tinkakuwa, "Mayo!"
Miyoyo inali itatu basi.
Ikatha, ukayambirenso kuchiyambi,
ndipo mnzako wakutsomphola kale padi m'manja.

Tsopano Sungeni, mwana wa mlongo wanga,
wabwera ndi makina ochokera ku Joni.
Ndaona ndi maso angawa:
udzu wa m'bwalo ukugwedezeka ndi mphepo,
thukuta likutsika pachipumi cha wosewera,
ngakhale chingwe cha nsapato chili ndi mthunzi wake.
Sindinama, ndinayasama.
Koma tisanaukhudze mpira, makina akuti dikirani,
akufuna apudeti.
Bandulo ya sabata yonse inalowa ngati madzi pamchenga,
kamzere kakukwawa
ngati lole ya simenti pa Khwekhwerere.

"Malume, kuno sufa. Umasunga pomwe wafika."
Wavala zam'makutu, akutukwanizana
ndi mnyamata wa dziko lomwe sadzapondako,
ine pambali pake ngati mpando.
Atandipatsa padi, mabatani khumi ndi angapo,
zala zanga zinasokera.
Zigoli zisanu ndi ziwiri kwa duu.
Ndinadzuka n'kunena kuti zakale zinali bwino.

Loweruka ku Lizulu, pakati pa kabichi ndi nsapato za kaunjika,
ndinawapeza makina akale aja, atachita chikasu ndi ukalamba.
Ndinagula osanenerera.
Usiku ndinauzira katiriji, ndinalumikiza.
Kanyimbo kaja katalira, mtima unadumpha.
Kenako maso anayamba kuwawa.
Kamunthu kouma ngati chitsa,
dzenje lomwelo, dzenje lomwelo, dzenje lomwelo,
mphindi makumi awiri ndinali nditatopa nazo.
Padi yachiwiri ili gone pamkeka,
chingwe chake chitapotana.

Apo m'pamene ndinadziwa chimene ndinapita kukagula.
Yotamu,
amene ankandigunda ndi chigongono ndikatsala pang'ono kupambana,
amene ankabisa fifite tambala m'sokosi,
amene ankati, "Watsala moyo umodzi, bweretsa kuno, ndiwe wamantha iwe."
Tinamuika ku Bawi mvula ili pakati.
Iye analibe itatu.
Palibe amene anasunga pomwe anafika.

Sungeni anasuzumira pakhomo, phwete kuseka:
"Malume, chimenechi n'chiyani, kakyuleta?"
Anatola padi ija. Anagwera m'dzenje loyamba.
Lachiwirinso.
Kuseka kunatha, anakhala pansi bwinobwino,
lilime lili kunja,
"Dikirani kaye, ndiyesenso kamodzi kokha."
Ndinamugunda ndi chigongono.
Anandibwezera osacheuka.

Ndiye mukandifunsa kuti abwino ndi ati,
ndinena kuti a ku Joni ndi okongola, ndipo satopetsa maso,
ndipo mawa ndikagulanso bandulo ndi ndalama yanga.
Zinazo sindikudziwa.

Magetsi anathima, monga mwa masiku onse.
Makina a ku Joni ndi a ku Lizulu anada mofanana.
Mumdimamo iye akufunsabe
ngati pali njira yolumphira dzenje lachitatu.
Ilipo. Yotamu ndiye anandionetsa,
atandilipiritsa chimanga chootcha.
Sindimuuza lero.