Wochedwa ndi Wakufa

Ku Tartu dzuwa limaweruka msanga mu Januwale.
Emajõgi waundana, abakha akuyenda pamwamba pake ngati pamsewu.
Piret Lõhmus sanazione zimenezo.
Ali ndi makompyuta atatu oti awazenge mlandu.

Imodzi ili ku Tallinn, ina konkuno, ina ku Narva kumalire,
onse atatu akusunga buku limodzi:
dokotala walembera yani mankhwala, watenga kale kapena ayi.
Zaka zisanu ndi chimodzi, osaphonya.
Urmas, mkulu wa ntchito, akuti, tinayesa kambirimbiri.
Piret akuti, kuyesa n'kuponya mbedza;
ikabwera yopanda kanthu sindiye kuti m'madzimo mulibe ng'ona.

Tsono walemba ziganizo ziwiri pabolodi.
Patsogolo pa choyamba wajambula kabokosi, ndiko kuti nthawi zonse:
chikalata chimodzi chisatulutse mankhwala kawiri.
Patsogolo pa chachiwiri kadayamondi, ndiko kuti tsiku lina ndithu:
wodwala woima pawindo adzalandira.
Choyamba chokha n'chapafupi,
ingokhomani sitolo, palibe adzalandire kawiri.
Ntchito ili pogwira zonse ziwiri ndi dzanja limodzi.

Malamulo aja wawapereka kwa makina ofufuza,
nawo ayamba kugogoda khomo lililonse:
nanga uthenga ukachedwa,
nanga ukafika kawiri,
nanga wonyamuka pambuyo ukapitirira mnzake panjira,
nanga ya ku Narva ikakomoka mawu ali m'kamwa?
Khofi wazizira. Wosesa wazimitsa magetsi a m'khonde.

Cha m'ma leveni usiku makina alavula yankho,
masitepe makumi atatu ndi imodzi.
Pa sitepe yachisanu ndi chinayi Tallinn yafunsa, Narva ili zii.
Tallinn yadikira, yatopa,
yati mnzanga watisiya, buku ndisunga ndine.
Koma Narva sinafe, inangowodzera.
Yadzambatuka ndi inde wadzana m'manja,
ndipo nkhalamba ina yosabadwa, youmbidwa ndi masamu okhaokha,
yatuluka ndi mabotolo awiri a mankhwala a mtima.

Palibe kompyuta inaswa lamulo lake.
Cholakwa chinagona pakati,
mumpata umene aliyense ankayesa ngwa mnzake.

Urmas wakanda chibwano. Zingachitike kangati?
Kaya, mwina kamodzi pa zaka khumi, Lachiwiri linalake.
Koma tsiku limenelo nkhalambayo idzakhala ndi dzina
ndi adzukulu.

Foni ya Piret ili chafufumimba patebulo.
Masana analembera bambo ake ku Põlva, mwamwa mapiritsi?
Dzulonso anafunsa chimodzimodzi.
Zii.
Mwina akuwaza nkhuni za sauna,
mwina batire yatha,
mwina aterereka pakhomo, chipale chofewa chikuwafunda.
Apa masamu ake onse amagwada:
ukakhala kutali
wochedwa ndi wakufa amayankha ndi mawu amodzi.
Umangodula wekha nthawi yodikira
n'kuvomera kuti waidula mumdima.

Wakonza lamulo.
Uthenga uliwonse uzinyamula nambala ya nyengo yake,
inde wakale asalowe pakhomo latsopano,
ndipo pasachitike kanthu awiri mwa atatu asanavomere.
Wayambitsanso makina.
Mawa akapanda kupeza njira yogwera
adzalemba umboni mzere ndi mzere,
wa makompyuta atatu, asanu, angati angati,
podziwa kuti umboniwo ukunena za chithunzi chimene iye anajambula,
osati za khoswe wotafuna nthambo ku Narva.

Wavala jekete. Basi yomaliza inapita kale.
Wadzipatsa mphindi khumi.
Pa yachisanu ndi chiwiri foni yanjenjemera:

Inde.

Liwu limodzi, lopanda nambala.
La funso la lero, kapena la dzulo lochedwa panjira?
Piret waliyang'ana kanthawi,
kenako watembenukira kwa Urmas:
tandibwerekani makiyi a galimoto.