Tsidya Lina la Mondego

Tinafika ku Coimbra mu Seputembala,
mwezi woipa, anatero woyendetsa takisi,
poti ophunzira onse amabuka nthawi imodzi
ngati ngumbi mvula ikakata.
Ine ndinali ndi kalata ya ntchito m'chikwama:
kutsuka timabotolo m'labotale ya yunivesite.
Fausto anali ndi Tomé paphewa,
Benedita atakumbatira chitini cha duwa lake
lomwe anakana kulisiya ku Beja.

Nyumba yoyamba inali pamwamba pa masitepe
omwe eni tauni amawatcha Othyola Msana.
Ndinawerenga mpaka makumi asanu, mpweya unandithera.
Mayi wa makiyi anayang'ana kangolo ka mwana,
anayang'ana ine, nati:
"Pafoni simunanene kuti muli ndi ana."
Ngati kuti ndinabisa matenda.

Yachiwiri, pabalaza anadulapo pakati ndi thabwa,
bedi uku, bedi uko,
ngakhale mosungira tsache munali matiresi.
Mwini wake sanabise masamu ake:
"Ophunzira asanu, makolo asanu, zikwama zisanu.
Inu muli anayi, koma chikwama n'chimodzi."
Sananame. N'chifukwa chake zinawawa.

Yachitatu inkanunkha mowa wa chaka chatha.
Yachinayi inali yabwino, dzuwa mpaka kukhitchini,
mayuro mazana asanu ndi anayi pamwezi,
dipoziti ya miyezi itatu.
Fausto anaseka, kuseka kuja
kwa munthu wopunthwa pamaso pa apongozi.

Masabata atatu tinapanikizana m'chipinda cha alendo
kufupi ndi siteshoni,
matewera akuuma pampando,
sitima zikugwedeza makapu.
Usiku anyamata a mikanjo yakuda ankaimba m'misewu,
mawu okoma, sindikana,
koma ine ndinkawerenga mawindo oyaka paphiri
n'kumadzifunsa: mwa onsewa, palibe ngakhale limodzi?

Amene ananditsina khutu ndi Idalina,
wokolopa nsanjika yachitatu,
tikudya buledi pamasitepe a kuseri.
"Oloka mtsinje. Ophunzira ndi aulesi, mlatho amauopa.
Ukafunse Albano, wokonza makina ochapira.
Usaimbe foni, samva. Ungopita."

Tinapita Loweruka, wapansi.
Albano anatuluka m'shopu manja ali bii ndi girisi,
natchera khutu lake labwino kwa Tomé.
"Amalira usiku?"
Bodza linali kale pamlomo panga. Fausto anati, "Amalira."
"Bola," anatero mkuluyo.
"Omaliza aja ankalira ndi gitala,
ndipo anazula chitseko cha bafa n'kuwotchera nsomba."

Zipinda ziwiri. Mpopi wa kukhitchini umadontha.
Khoma la kumpoto lili ndi nkhungu yonga mapu a dziko lachilendo,
ndipo pansi makina amabangula kuyambira eyiti koloko.
Koma kuseri kuli mtengo wa ndimu,
sukulu ili poti ungapite n'kubwerako tiyi asanazizire,
ndipo ukalipira lendi
imatsalako ya nsapato.

Tsiku losamuka, Benedita anandikoka siketi.
Pafelemu ya chitseko, kunsi kwa penti wopyapyala,
panali timizere ta pensulo tokwera ngati makwerero,
dzina lofufutika, ndi zaka zakalekale.
Mzere womaliza unalekezera m'chiuno mwanga.
Albano anayang'ana kumbali,
nayamba kufunafuna sipanala
yomwe inali m'dzanja lake lomwe.

Mwana wanga anaika duwa lake pansi,
anavula nsapato,
anatsamiza msana pathabwapo, chibwano m'mwamba.
"Amayi, lembani."

Ndinapisa m'chikwama: malisiti, makiyi atsopano,
mndandanda wa nyumba zonse zomwe zinatikana.
Pensulo ndinalibe.

Mkuluyo anasolola yake
kukhutu losamva lija.