Wochapa pa Mukuvisi

Ndinachoka ku Bembeke chimanga chili m'mawondo,
chaka chimene dzombe linatera kawiri.
Elube ndinamusiya kwa mkulu wanga, mano awiri okha mkamwa.
Ndinati, mwezi ukaoneka kachitatu ndabwera.

Tinali asanu ndi awiri, akazi awiri okha.
Pa Zambezi mwini bwato anati ndalama yanga yaperewera.
Chimene analipiritsa pamwamba pake
sindinauzepo munthu, ngakhale wansembe.
Nagama anatupa miyendo tisanafike ku Mutoko.
Tinakumba ndi zikwanje ndi manja,
tinasanjapo miyala kuopa afisi.
Duku lake ndi ili ndavalali.

Kwathu ankati ku Halale golide amakakamira kuzidendene,
ukasamba madzulo umangotola m'beseni.

Ndinaima pa geti la mgodi uliwonse, ku Mazowe mpaka ku Shamva:
Yotamu Chagwa, wamtali, wa chipsera pachibwano.
Kalaliki ananyowetsa chala ndi malovu, natsegula buku.
Kuno kulibe Yotamu, mayi.
Kuli Sikisipensi atatu, Foloko, Machesi, Jamu.
Dzina likamulemera mzungu pa lilime
amatola lina patebulo pake.
Tsono ndikanafunsa uti?
Mwamuna wanga analowa pansi ndi dzina la kukhitchini.

Ndinabwerera m'tauni, ku lokesheni,
kumene mkazi wopanda mwamuna alibe chitseko.
Saidi, khukhi wa ku hotela, anati bweretsa mapoto ako.
Sanali woipa. Ankatsokomola pang'ono,
ankandibweretsera mafupa a nkhosa m'nyuzi.
Masana ndinkachapa, usiku ndinkafulula chikokiyana,
chigubu chokwiriridwa pansi pa mphasa.
Apolisi akabwera ndi zitsulo zawo zobayira pansi
tinkathawira m'bango, ana a anzathu kumsana, pakamwa titawatseka.

Malaya a anyamata a kumigodi amalemera.
Ukawaviika madzi amasanduka phulusa.
Chaka choyamba, ndisaname,
ndinkatsanula pang'onopang'ono,
kupendeketsa beseni ku dzuwa, kuyang'ana pansi pake.
Matope okhaokha. Tsiku lina batani.

Chaka chachisanu ndi chinayi, nthawi yachisanu,
kunabwera mayi wachizezuru, MaMoyo, atanyamula kachitini ka fodya ndi kaphukusi.
Anafunsa yense wolankhula ngati ife, mpaka anamulozera kumtsinje.
Anati Machesi anapita sabata yatha.
Chifuwa. Ankalavula zakuda ngati mwaye.
Usiku ankatchula Bembeke, Bembeke,
ine nkumayesa ndi dzina la mkazi.

Kumbuyo kwake kunabisala kamnyamata.
Sindinafunse. Makutu aja ndinawadziwa.

M'kachitini munali mashereni khumi ndi atatu,
singano, ndi kalata imene inathera pa moni.
M'kaphukusi, diresi lofiira, latsopano, njenjete zitalawa pakhosi,
la msinkhu wa mwana wa mano awiri.

Tinakhala pa mwala wochapirapo, iye uko, ine kuno.
Chinenero chake ndimachimva theka, changa samva nkomwe,
koma kuwerenga ndalama sikufuna womasulira:
asanu ndi limodzi iye, asanu ndi limodzi ine.
Lotsalalo tinagula buledi ndi shuga,
mwana anadya mpaka kugona.

Anthu amati bwanji osapita, lole yaulere ilipo.
Ndikafike nditanyamula chiyani?
Diresi losamukwana ngakhale mkono?
Elube pano akusenza yekha mtsuko,
mwina anavinidwa kale, ine kulibe,
mwina akuti amayi kwa mkulu wanga, ndipo sakulakwa.
Mtchona ndinkayesa ndi mwamuna yekha.

Kuno amanditcha Mai Sopo.
Saidi yemwe amatero.
Ndiye tsiku lina akadzawoloka Zambezi mwanayo,
Mulungu amusungire ndalama yokwanira,
nadzaima pa mlatho uwu, fumbi mpaka m'maso,
nkufunsa za Nasoko wa ku Bembeke,
wamfupi, wa mphini ziwiri patsaya,
ndani adzaloze kuno?

Madzi aphwa. Malaya atsala anayi.